Mkulu Amene Ankakwatitsa Manambala

Chaka chatha tsopano chimwalirireni a Bonifasiyo Sakala, ndipo Loweruka lapitali abale awo anaphika bona kuno ku Chifunde. Anthu anaimirira mmodzimmodzi kunena zabwino: kuti ankakonza mawailesi osafunsa kanthu, kuti sanatukwanepo munthu, kuti nkhondo itatha anabweza mbumba yonse ya mlongo wawo kuchokera ku Zambia osasiyako ngakhale mphaka. Itafika nthawi yanga ndinaloza pakhosi, ndati chifuwa. Chifuwa ndinalibe. Chimene ndinali nacho ndi nsanje, imene ndakhala nayo zaka zoposa makumi awiri, ndipo nsanje sainenedwa pa bona. Ndiye ndaganiza zoilemba pano.

Ine kwathu ndi ku Ulongwe. Boma linanditumiza kuno kudzaphunzitsa masamu mtendere utangobwera, sukulu ilibe denga, ana tikuwakhazika pa njerwa zogumuka. Wachibale kuno ndinalibe, ndipo kwathu komweko nkhondo inandisiyira ochepa. Koma ulemu wokha ndinali nawo. Munthu akafuna kuyeza malire a munda, kapena kudziwa malata okwanira nyumba yake, ankamuuza kuti apite kwa pulofesoli, monga amatchulira mphunzitsi kuno, ndipo kunena zoona zinkandikoma. Kenako tsiku lina lole ya obwerera inatsitsa mkulu wamtali wa imvi, mlongo wake, ana, malata, ndi bokosi lachitsulo limene sankalola munthu wina kulinyamula. Mwezi usanathe anthu anali atayamba kunena kuti kwabwera munthu wodziwa pamene ndege ili osaiyang'ana.

Sizinali zamatsenga. A Sakala anapita ku Zambia ali mnyamata, nagwira ntchito zaka zambiri pa bwalo lina la ndege, m'chipinda cha rada. Ndinapita kukawaona ndi mtima wokawayesa, ndipo anandilongosolera pakhonde pawo, akujambula pa dothi ndi kamtengo. Rada, ati, ndi chimbale chozungulira pamwamba pa nsanja. Chikaloza kumene kuli ndege, pagalasi pamaoneka kadontho, ndipo chikapitirira simuionanso ndegeyo mpaka chizungulire n'kubwerera. Choipa n'chakuti kadontho kalikonse kamanama pang'ono: kena kamagwera kumanja kwa pamene ndege ilidi, kena kumanzere, kena si ndege n'komwe koma mtambo. Choncho m'makinamo muli masamu amene ankawatcha sefa. Sefayo imaganizira pamene ndege idzakhale chimbale chikabwerera, kenako n'kuyerekeza ganizo lake ndi kadontho katsopano. Ikadzikhulupirira yokha kwambiri, mzere wa ndege pagalasi umatuluka wosalala bwino, koma ndege ikakhota sefa imangopitirira kutsogolo, ndege n'kutayika. Ikakhulupirira kadontho kwambiri, mzere umanjenjemera, ndipo umatha kusiya ndege n'kuyamba kutsata mtambo. Zonsezi zimadalira manambala anayi amene munthu amaika m'makinamo: awiri onena kuti kadontho kakhulupiridwe motani, ina ya kukula kwa malo ofufuzamo kadontho kotsatira, ndi ina yonena kuti sefa ivomere liti kuti ndege yakhota. Ntchito imene anadzipatsa atapuma inali kupeza manambala anayi amenewo.

Ndinamva zonse kamodzin'kamodzi, ndipo ndinawauza kuti ndamva. Iwo anati, "Mwafulumira, aphunzitsi."

Mawu amenewo ndi amene ndinadya kwa a Sakala m'mawa ndi masana. Ndikapeza yankho, ndafulumira. Ndikathyola nkhani ya munthu pakati poti ndadziwa kale kumene ikupita, ndafulumira. Ngakhale pa bawo, limene tinasewera zaka zambiri pambuyo pake, ankandidya njombwa zonse kenako n'kunena zomwezo mofatsa, ngati akundipepesa. Sankakweza mawu, ndipo chimenecho ndiye chinkandipsetsa mtima, chifukwa munthu wosakweza mawu sungakangane naye n'kukhuta. Tinkakangana ndithu, koma pa zinthu zazing'ono. Iwo ankati tebulo, ine meza. Iwo pakati pa manambala ankaika kadontho monga anaphunzirira ku Zambia, ine kamchira monga tinaphunzirira kuno, ndipo aliyense ankakonza pepala la mnzake akatembenuka.

Ndege ikamadutsa kumwamba sankadzutsa mutu. Ankati ndege imene maso akuiona siikuwafuna iwo. Chimene ankakonda ndi kuyang'ana anthu opita kumsika. Kuchokera pakhonde pawo msewu umaoneka m'mipata ya nyumba zitatu, ndiye munthu akaoneka pa mpata woyamba ndi wachiwiri, iwo ankawerenga chamumtima n'kuomba m'manja pa nthawi imene aoneke pa wachitatu. Amayi osenza mitolo sankawaphonya. Ana a sukulu ankawaphonya mwa apo ndi apo. Koma panali mkulu wina womwa kachasu amene ankayenda pa njinga yopanda mabuleki, ndipo ameneyo ankamupatsa ulemu wapadera, ati ndiye mphunzitsi wawo weniweni, chifukwa sefa yotha kumutsata iyeyo ingatsate ndege iliyonse.

Njira yopezera manambala anaiwerenga m'magazini imene injiniya wina anaiwala ku ntchito kwawo. Kumayiko ena, ati, manambala otere samangowawerengera, amachita kuwaweta. Amapanga magulu ambiri, n'kuwayesa onse pa maulendo akale a ndege, ochita bwino n'kuwasakaniza kuti abale ena, mpaka patapita mibadwo yambiri patuluke gulu loposa makolo ake onse. Kumeneko amachita ndi makompyuta akuluakulu. A Sakala anali ndi timakina titatu towerengera toyendera dzuwa, makatoni a mafuta ophikira a chithandizo amene ankadula kukhala makhadi, chitini cha nyemba, ndi bokosi lija, lodzaza mapepala a madontho a ndege amene anakopera pamanja asanapume ntchito. Ankati enawo ali ndi magetsi, ife tili ndi masana.

Makhadi ankakhala khumi ndi awiri, lililonse ndi manambala ake anayi. Khadi lililonse tinkaliyendetsa pa maulendo atatu otola mwamaere, dontho ndi dontho, n'kulemba kuti laphonya ndege motani. M'badwo umodzi unkatidya sabata yathunthu. Kenako linkafika tsiku la maukwati: manambala awiri ochokera kwa mayi, awiri ochokera kwa bambo, mwana n'kubadwa pa khadi latsopano. Mwanayo ankamutolera nyemba m'chitini maso ali kumbali. Ikatuluka yofiira, nambala yake imodzi inkakwera pang'ono, yoyera inkatsika, ndipo yamawangamawanga ankamusiya momwe wabadwira.

Chimene m'magazini munalibe ndi mifunda. Imeneyo anaiwonjezera okha. Pamwamba pa khadi lililonse ankalembapo Phiri, Banda kapena Mwale, ndipo mwana ankatenga mfunda wa mayi ake monga zinkakhalira kale. Malamulo anali awiri: a mfunda umodzi sakwatirana, ndipo mfunda uliwonse, uchite bwino kapena uchite moipa, usaloledwe kutha.

Ine zonsezi ndinkaziona ngati masewera a nkhalamba. Ndinatenga buku langa la ku koleji, ndinakhala nalo masabata awiri, ndipo ndinapeza manambala anayi mwa masamu enieni, opanda nyemba. Ndinapita nawo nditavala jekete, ndikuyembekezera kuti mkuluyo atseka bokosi lake n'kundigwira chanza. Anawayang'ana nthawi yaitali, nati ndi abwino kwambiri. Kenako anafunsa mfunda wanga. Ndinati Mbewe. Analemba Mbewe pamwamba pa katoni, n'kuliponya pakati pa makhadi ena aja obadwa ndi nyemba. Masabata awiri a mutu wanga anagona pambali pa kachidutswa kolembedwa kuti mafuta awa si ogulitsa. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwira, komabe mawa lake nditaweruka ndinapitanso, chifukwa ndinkafuna kuona khadi langa likuwagonjetsa onse.

Pakhondepo tinalipo atatu. Wachitatu anali a Rozalina Nabanda, mayi wamasiye amene anabwerera kuchokera ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo ankagulitsa tomato pamsika. Sukulu analekera kalasi yachinayi. Tsiku lina akudutsa ndi dengu anaima, anasuzumira pa tebulo, n'kunena kuti makhadi awiri awo alembedwa zofanana. Zinalidi zoona, ndipo ine ndinali nditakhala pamenepo ola lathunthu osaona. Kuyambira tsiku limenelo a Sakala anawapatsa kamakina kabwino kopambana tonse, kaja kosalimba mabatani, komanso buku la mibadwo, lolembamo kuti khadi ili mayi ake ndi uyu, bambo ake ndi uyu. A Nabanda ankawerengera pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka, chala chili pa mzere. Ine ndinkamaliza makhadi atatu iwo akadali pa loyamba. Koma zolakwa zikapezeka zinkapezeka mwa ine, ndipo a Sakala ankauza aliyense wobwera kudzakonzetsa wailesi kuti dzanja la mayi awa silinama. Za ine ankati ndili ndi mutu. Ndinkafuna kuti tsiku limodzi lokha anene za ine zimene ankanena za mayi wogulitsa tomato, ndipo kudikira kumeneko kunkandidya moyo.

Mkangano wathu waukulu unali wa a Mwale. Makhadi a mfunda umenewu anali onjenjemera, othamangira kadontho kalikonse, ndipo sabata ndi sabata ankakhala kumapeto. A Mbewe anga anali odekha, mzere wawo wosalala, ndipo ankakhala pamwamba. Ndinkati wopambana akwatire wopambana mnzake, a Mwale tiwataye, tisatayenso nthawi. A Sakala ankakana. Ankati ndege zambiri m'bokosimo zimayenda molunjika, n'chifukwa chake odekha amaoneka anzeru, koma tsiku lokhota ndi wamantha amene amayamba kuzindikira. Ankandikumbutsa kuti nkhondo ikuyandikira kuno, mabanja amene anayamba kumanga katundu ankasekedwa kuti ndi amantha, koma ndi omwewo amene anabwerera ali okwanira. Chimene iwo ankafuna ndi mwana wotenga kudekha kwa uku ndi mantha a uku, ndipo mwana wotere sangabadwe ngati mtundu umodzi wadzaza mudzi wonse.

Chifukwa chenicheni cha ntchito yonseyi anandiuza kamodzi kokha, tikupita ku Mualadzi pa njinga, titaima pansi pa mtengo kumata tayala langa. Nthawi ya nkhondo, ati, kandege kena konyamula mankhwala a othawa kwawo kanali pagalasi pawo. Kutsogolo kwake kunali mtambo wa mvula, woyendetsa anakhota mwadzidzidzi kuuzemba, koma sefa inapitirira molunjika ndipo mzere unakathera kumpoto kwa phiri lina. Kandegeko sikanafike. Ofufuza anawafunsa iwo kumene akayang'ane, ndipo iwo analoza kumene mzere unathera. Anakapeza patapita masiku ambiri, kumwera kwa phirilo. Woyendetsayo sanafere m'ndege. Anamupeza pafupi ndi kamtsinje kumene anakwawira, atadzimanga mwendo ndi lamba. Palibe amene anawaimba mlandu a Sakala, poti makina ndiwo ananena. Iwo anati amene analoza ndi chala anali iwo. Atatero anandipatsa tayala n'kunena kuti ndipope.

Madontho a ulendo umenewo anali mu envulopu yakeyake pansi pa bokosi. Sitinkayesapo makhadi ayi, chifukwa ankati angauloweze ngati ana oonera mayeso. Unali wa khadi lomaliza lokha. Ndipo mwayi wolitumiza khadi limenelo unali umodzi. Mnzawo amene anatsala pa bwalo lija anawalonjeza kuti adzaika manambala awo m'makina enieniwo n'kuyendetsa tepi yosunga madontho a tsiku lija, koma makinawo ankachotsedwa kumapeto kwa chaka, ndipo atsopano ankabwera otsekedwa, osalola munthu kuikamo zake. A Sakala ankafuna kumva, asanafe, kuti pa galasi lomwe lija mzere wakhota pamodzi ndi ndege.

Chilimwe cha chaka chimenecho ng'ala inawakulira m'maso, mpaka ankalemba nambala pamwamba pa inzake. Anapita ku chipatala ku Zambia, ndipo anakhalako miyezi iwiri. Ntchito anaisiya m'manja mwa ine ndi a Nabanda.

Sabata yoyamba ndinatsata malamulo. Yachiwiri, pa tsiku la maukwati, makhadi awiri apamwamba onse anali a Mbewe, ndipo ndinawaika pamodzi.

"Aphunzitsi, awatu ndi pachibale," anatero a Nabanda. "Mayi wawo ndi mmodzi."

"Ndi makatoni, mayi, si anthu."

"A Sakala anati a mfunda umodzi ayi."

"A Sakala ali ku Zambia. Inu lembani buku lanulo, masamu mundisiyire ine amene ndinapita kusukulu."

Anandiyang'ana, kenako analemba. Sabata yotsatira ndinachitanso chimodzimodzi. A Mwale anayamba kutha, kenako a Banda, kenako a Phiri, ndipo makhadi awo ndinkapatsa a Nabanda kuti akasonkhere moto. Zophonya zinkachepa sabata iliyonse, ndipo ine ndinkayenda pamsika mapewa ali m'mwamba. Pofika sabata yachisanu ndi chiwiri makhadi onse khumi ndi awiri anali a Mbewe, ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Ndinkadziuza kuti ndikufulumizitsa ntchito poti nthawi yachepa. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna kuti khadi lopita ku Zambia likhale la mtundu wanga, kuti mkuluyo adzaone yekha kuti buku langa linali litanena kale.

Envulopu ija ndinaitsegula masana ena ndili ndekha. Ndinayendetsa khadi lopambana pa madontho oyamba, ndipo linayenda bwino zedi. Nditafika pafupi ndi pamene ndege inakhotera, ndinaona manambala a madonthowo akuyamba kupendekera mbali imodzi, khadi langa osagwedezeka. Ndinaika pensulo pansi, ndinapinda pepala, n'kulibwezera pansi pa bokosi. Sindinamalize chifukwa ndinali nditadziwa.

A Sakala anabwerera mvula yoyamba itagwa, atavala magalasi akuda, dokotala atawaletsa kuwerenga kwa mwezi wathunthu. A Nabanda kunalibe, anali ku Nsadzo kumene mwana wawo wamkazi anali m'chikuta. Lole imene inawabweretsa inkabwerera ku malire tsiku lomwelo, ndipo woyendetsa anavomera kunyamula kalata. Anakhala pa mpando wawo fumbi la ulendo likadali m'tsitsi, n'kuyamba kundifunsa.

"Mifunda yonse ilipo?"

"Ilipo."

"Wapambana ndani?"

"Mbewe."

Anaseka. "Kodi? Ndiye mwabala, aphunzitsi. Nanga pa envulopu ija mwamuyesa?"

"Ndamuyesa."

"Wachita bwanji?"

"Wakhota nayo."

Kenako anatambasula manja onse awiri kufufuza langa, analigwira, n'kunena kuti, "Zikomo, Mbewe." Sanati ndafulumira. Mawu amene ndinawadikira nthawi yonse ija ndinawalandira tsiku limenelo. Ndinakopera manambala anayiwo pa pepala loyera ndi dzanja langa, ndipo lole inapita nawo.

Yankho linafika chaka chatsopano chitayamba. A Sakala anandiitanitsa kuchokera kusukulu kuti ndidzawawerengere, a Nabanda ali pomwepo akusenda nandolo. Mnzawoyo analemba kuti pa ndege zoyenda molunjika sanaonepo mzere wosalala chotero, mpaka anaitana anzake kudzaonerera. Koma pa tepi ya tsiku lija mzere unapitirira kumpoto kwa phiri, monga momwe unachitira poyamba. Anamaliza ndi kunena kuti makinawo amasulidwa kale, ali m'mabokosi.

Ndinadikira kuti andifunse. Sanandifunse. Anavula magalasi, anapukuta diso ndi nsonga ya malaya, n'kunena kuti, "Ndalakwa ndine. Pepala ndi makina n'zosiyana, ndipo mifunda yangayi mwina inali nthabwala chabe. Pepani, ndakutayitsani nthawi nonse awiri." A Nabanda sanadzutse mutu pa lichero lawo.

Kuyambira pamenepo masana sitinakhudzenso makhadi. Ndikaweruka ndinkapeza bawo lili pa tebulo ndi kapu ya thobwa, ndipo tinkasewera mpaka dzuwa kupendeka. Zinakhala choncho zaka ndi zaka. Ndinkaganiza kuti ndapulumuka. Ndipo poti ndayamba kunena, ndinene zonse: pansi pa manyazi anga panali kachisangalalo konyansa, kakuti munthu wamkulu uja nayenso walephera, ndipo tsopano tafanana. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, makamaka atayamba kudwala, koma ankandiyang'ana ndi diso lawo limodzi limene linkaonabe bwino n'kunena kuti ndisewere, ndipo ndinkasewera.

Loweruka pa bona, anthu atayamba kumwa, a Nabanda anandipeza kuseri kwa nkhokwe kumene ndinakabisala. Akalamba tsopano, amayenda ndi ndodo.

"Chifuwa chija chapola?" anafunsa.

Ndinati chikupola.

"A Sakala anandiuza kuti bona likadzatha ndidzakuuzeni, kapena ndisadzakuuzeni n'komwe, ndisankhe ndekha. Ndasankha. Khalani pansi."

Ndinakhala pa mtondo wogona.

"Ndinabwera kuchokera ku Nsadzo patapita masiku anayi lole ija itapita. Nditamva kuti kalata yatumizidwa, ndinatsegula buku n'kuwawerengera maukwati anu onse, limodzilimodzi. Anadziwa tsiku limenelo."

"Yankho lisanabwere?"

"Lisanabwere. Anawerengera masabata otsala, anapeza kuti mibadwo yofunika singakwane, ndiye anangokhala. Ine ndinkafuna kukuyalutsani pamsika, anthu amve za pulofesoli wawo. Anandiletsa. Anati munthu uja kuno alibe wake, ankangofuna kudzipangira abale, tisamulandenso khonde."

Kubwalo amayi anali atayamba kuimba.

"Makhadi amene munkati ndikasonkhere moto ndinkawasunga mu mtsuko," anapitiriza. "Tinayambiranso pamene munasokonezera. Tinkagwira m'mawa, inu muli m'kalasi, belu la masana likalira n'kubisa zonse, bawo n'kuliika pa tebulo. Zinatitengera pafupifupi zaka ziwiri. Tsiku lina panabadwa khadi limene tinaliyesa pa envulopu ija, ndipo linakhota. Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza katatu. Kotumiza kunalibe, makina anali atapita. Anangotenga khasu n'kupita kudimba, ndipo ndinawamva akuimba njira yonse."

"Bwanji sanandiuze?"

"Mukanafunsa kumene makhadiwo achokera. Ndiye akanakuyankhani chiyani?"

Ndinkadziwa kuti funso lotsatira ndi la munthu wopanda manyazi, koma linatuluka lokha. Ndinafunsa mfunda wa khadilo.

"Mwale. Mayi ake anali Mwale, aja onjenjemera aja." Anakanda pansi ndi ndodo yawo. "Bambo ake ndi khadi lanu loyamba lija, la m'buku. Nalonso munali mutalitaya, poti adzukulu ake ankalipambana."

"Lili kuti?"

"M'thumba la jekete limene anapita nalo kumanda."

Ndiye onani mmene nsanje yanga yakhalira. Ndinkaganiza kuti munthu akafa imatha, koma yangowonjezera. Ndikuchitira nsanje a Nabanda chifukwa cha m'mawa umene uja, poti anaona nkhope ya a Sakala mzere utakhota, ine ndili kusukulu ndikulemba tebulo la kuchulukitsa pa bolodi. Ndikuchitira nsanje a Sakala chifukwa anatha kusenza chinthu chotere zaka zonsezi, chimwemwe chawo chachikulu ndi mlandu wanga pamodzi, n'kumandithirira thobwa tsiku lililonse nkhope ili bwinobwino. Ine sindikanatha ngakhale sabata imodzi. Pa masamu mwina tinkafanana, koma pamenepa anandisiya kutali, ndipo anachita kuonetsetsa kuti ndisadziwe kuti andisiya.

Dzulo ndinadutsa kunyumba kwawo. Mukukhala mdzukulu wa mlongo wawo, mayi wachitsikana amene anakulira ku Tete ndipo sandidziwa bwino. Tebulo analilowetsa m'nyumba, akuikapo mbale. Pakhonde pali matumba awiri a chimanga ndi nkhuku yofungatira m'dengu. Pa khoma, pamene ankatsamira, patsala banga lakuda lozungulira la mafuta a m'mutu mwawo, ndipo m'munsi mwake dothi linakumbika timaenje tiwiri ta miyendo yakumbuyo ya mpando. Mayiyo anali akukanda dothi m'beseni kuti azire khoma lonse mvula isanabwere. Ndinamupempha kuti pamene pali bangapo asiyepo.

Anandiyang'ana mwaulemu, manja ali matope, n'kufunsa kuti, "Pepani agogo, kodi inu ndinu ndani wawo?"

Sankandinyoza, ankangofuna kudziwa. Ndinaima pamenepo ndikufufuza mawu, ndipo amene ndinapeza ndi akuti tinkasewera bawo. Anagwedeza mutu, anati ayesetsa, kenako anatapa dothi n'kuyambira ku ngodya ya kumanzere.